Pierre Fauchard: Dokotala Amene Sankathamangira Kuzula Dzino

Dzino likayamba kupweteka usiku, tsaya n'kutupa, ambiri a ife timangoganiza chinthu chimodzi: likazulidwe basi. Munthu wa kwa Mposa, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akakwera kabaza ulendo wa kuchipatala ku Liwonde, kawirikawiri amakhala atalitsanzika kale dzinolo. Koma pali njira ina yotchedwa root canal, imene dokotala amachotsa zowola m'kati mwa dzino n'kulisiya m'kamwa. Mmodzi mwa amene anayala maziko a njirayi ndi Mfalansa wina, Pierre Fauchard.

Fauchard anabadwira ku France cha m'ma 1678, m'banja losalemera. Ali ndi zaka pafupifupi 15 analowa m'gulu la asilikali apamadzi, komwe ankathandizira dokotala wa opaleshoni, Alexandre Poteleret. Pa maulendo ataliatali amalinyero ankasowa zipatso ndi ndiwo zamasamba, choncho ankadwala scurvy, matenda amene lero tikudziwa kuti amabwera chifukwa chosowa vitamini C. Nkhama zinkatupa ndi kutuluka magazi, mano n'kumagwedera. Apa m'pamene mnyamatayu anaphunzirira za m'kamwa. Atachoka kuusilikali anakayamba ntchito ya mano mumzinda wa Angers, ndipo cha m'ma 1718 anasamukira ku Paris.

Masiku amenewo ntchito ya mano inali yonyozeka. Ozula mano ambiri ankayendayenda m'misika, ena anali ometa tsitsi, ndipo ena anali akathyali ogulitsa mankhwala abodza. Anthu ankakhulupirira kuti dzino limabowoka chifukwa muli kanyongolotsi kamene kakulidya, chikhulupiriro chimene kwathu kuno sichinatheretu. Fauchard anafufuza ndi maso komanso ndi galasi lokulitsa zinthu, koma nyongolotsi sanaipeze. M'malo mwake anachenjeza kuti shuga ndi zotsekemera zimawononga mano.

Zida zoyenera kunalibe, ndiye ankatenga za okonza mawotchi ndi za osula zibangili n'kuzisintha kuti zigwire ntchito m'kamwa. Kuti timvetse zimene ankachita, tidziwe kaye mmene dzino lilili. Kunja n'kolimba, koma m'kati muli kamnofu kofewa kokhala ndi mitsempha, kamene kamatsika m'timipata topapatiza mpaka kunsonga kwa muzu. Chibowo chikafika pamenepo, tizilombo timalowa, kamnofuko kamafa, ndipo mafinya amasonkhana posowa potulukira. Ululu wosagonetsa tulo uja umachokera apa.

Fauchard anafotokoza mmene angabowolere dzino lotere kuti mafinya atuluke, mmene angachotsere kamnofu kodwalako ndi kasingano, kuikamo thonje lonyowetsedwa ndi mafuta a zokometsera zotchedwa clove kuti ululu uchepe, kenaka n'kumata chibowocho ndi mtovu. Zonsezi ankazichita kusanabwere mankhwala ochititsa dzanzi kapena X-ray, imene inatulukira mu 1895. Si zonse zimene ankaphunzitsa zinali zolondola: ankalangizanso anthu kuchukucha m'kamwa ndi mkodzo, zimene palibe dokotala angavomereze lero. Komabe mfundo yake yaikulu, yakuti dzino lachibadwa n'lofunika kulipulumutsa ngati n'kotheka, idakalipobe.

Chimene chinamutchukitsa kwambiri n'chakuti sanaumire nzeru. Anzake ankabisa luso lawo poopa kulandidwa makasitomala, koma iye analemba zonse m'buku lotchedwa Le Chirurgien Dentiste, limene linatuluka mu 1728 m'magawo awiri, lokhala ndi zithunzi za zida zake. Analisindikizanso ataliwonjezera mu 1746, ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1946. Fauchard anamwalira ku Paris mu 1761, ndipo amatchedwa tate wa udokotala wamakono wa mano.

Lero root canal imachitika mosiyana ndi kale, koma cholinga n'chomwecho. Dokotala amajambula dzino, amabaya jakisoni wa dzanzi, amatsuka timipata ta muzu ndi tizida towonda kwambiri ndi mankhwala opha tizilombo, kenaka amatsekamo ndi zinthu zonga mphira zotchedwa gutta-percha. Nthawi zina amaveka dzinolo kachipewa kolilimbitsa. Si dzino lililonse lingapulumuke, ndipo lochedwa nalo limazulidwa ndithu. Mafinya a dzino akalekereredwa amatha kufalikira kuchibwano ndi kukhosi mpaka kuika moyo pachiswe. Panado amangoziziritsa ululu, sachiza. Choncho dzino likayamba kunyung'unya ndi madzi ozizira, pitani kuchipatala msanga, ndipo funsani ngati lingathe kumatidwa musanapemphe kuti lizulidwe.

Kuno ku Malawi madokotala a mano akadali ochepa, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Mpingo wathu umaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, monga timawerengera pa 1 Akorinto 6:19, ndipo mano ali mbali ya kachisiyo. Ophunzira anzanga, tikapita kutchuthi tisasunge m'makope zimene tadziwa. Tikauze azakhali ndi ang'ono athu kuti m'dzino mulibe nyongolotsi, kuti achepetse maswiti ndi zakumwa zotsekemera, ndiponso kuti azitsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride.