Bambo Hugh Tracey, Wosunga Nyimbo za Makolo (1903–1977)

Bambo Hugh Tracey anabadwira ku England m'chaka cha 1903, ndipo adakali mnyamata anadza ku Southern Rhodesia kudzalima fodya. Kumeneko nyimbo za antchito a m'munda zinamgwira mtima, nayamba kuzijambula m'chaka cha 1929.

M'dziko lathu lino anacheza ndi Achopi a ku Zavala, akatswiri a timbila. M'buku lake la mu 1948 anaonetsa kuti nyimbo zao sizinali zachisangalalo chabe. Zinali kudandaula za msonkho wa Apwitikizi, za kumenyedwa m'manja, ndi za amuna omka ku migodi ya ku Joni. Zimene munthu sakanatha kunena pamaso pa mzungu, woimba anazinena pabwalo.

Mu 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo, International Library of African Music, ku South Africa. Mwana wake Andrew anadza kuno ku Tete, nalemba za gule wa nyanga mu 1971.

Bambo Tracey anamwalira mu 1977. Aphunzitsi athu atengerepo phunziro: mwana wophunzira nyimbo ya agogo ake akuphunziranso mbiri ya mtundu wake, ndipo nyimboyo ikaiwalika, mboni ya mbiriyo yafa.