Mikhail Tsvet, Katswiri wa Zomera Amene Njira Yake Imayeza Mankhwala M'magazi

Mankhwala ena, monga phenytoin wa khunyu ndi digoxin wa mtima, sathandiza akachepa m'magazi, ndipo amavulaza akachuluka. N'chifukwa chake dokotala nthawi zina amapempha kuti kuchuluka kwake kuyezedwe. Njira yodalirika kwambiri yochitira zimenezi inayambira kwa munthu amene sankagwira ntchito ya chipatala n'komwe.

Mikhail Tsvet anabadwa mu 1872 ku Asti, m'dziko la Italy. Bambo ake anali a ku Russia. Anaphunzira za zomera ku Geneva, koma atapita ku Russia madigiri ake sanavomerezedwe, moti anayenera kuwapezanso kachiwiri.

Akugwira ntchito ku Warsaw, ankafuna kulekanitsa tinthu topatsa masamba mtundu wawo. Anadzaza kachubu kagalasi ndi ufa wa choko, n'kuthiramo madzi amene anasungunuliramo tinthuto. Potsika, kanthu kalikonse kanayenda pa liwiro lakelake, ndipo m'kachubumo munaoneka mizere yobiriwira ndi yachikasu. Mu 1906 anatcha njirayi chromatography, kutanthauza kulemba ndi mitundu. Chodabwitsa n'chakuti dzina lake lomwe, m'chinenero cha ku Russia, limatanthauza mtundu.

Akatswiri otchuka a nthawiyo anaikayikira njirayi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inam'chotsa ku Warsaw, ndipo anamwalira ku Voronezh mu 1919, ali ndi zaka 47. Mu 1931 Richard Kuhn ndi Edgar Lederer ndiwo anaitsitsimutsa ku Heidelberg.

Lero ma labotale ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Ya immunoassay imagwiritsa ntchito tinthu tomata pa mankhwala amene akufunidwa. Ndi yachangu ndiponso yosavuta, koma nthawi zina imasokoneza mankhwalawo ndi zotsalira zake zofanana nawo, n'kupereka nambala yokwera. Ya Tsvet imayamba yalekanitsa zonse za m'magazi, kenako n'kuyeza chimodzichimodzi. Imafuna makina odula ndi anthu ophunzitsidwa bwino, koma njira zina zimayerekezedwa ndi iyo pofuna kudziwa ngati zikunena zoona.

Odwala a ku Cowdray Park amene akumwa ma ARV asasokoneze zimenezi ndi viral load, imene imawerenga kachilombo osati mankhwala. Ngati mwauzidwa kukayezetsa kuchuluka kwa mankhwala, uzani namwino ola lenileni limene munamwa komaliza, chifukwa zotsatira za njira zonse ziwiri zimamasuliridwa potengera nthawi imeneyo.