Ferdinand Pecora, mwana wa wosoka nsapato amene adagwedeza Wall Street

Mu February 1933, akuluakulu a mabanki a ku America adayamba kuitanidwa mmodzimmodzi ku Washington kuti akalumbire ndi kuyankha mafunso a komiti ya Senate. Wowafunsa adali Ferdinand Pecora, loya wolandira madola 255 okha pamwezi. Zimene adafukula zidabala malamulo amene mpaka lero amateteza anthu wamba ogula masheya.

Pecora adabadwa pa 6 January 1882 m'tauni ya Nicosia pachilumba cha Sicily ku Italy. Ali ndi zaka zinayi, banja lake lidasamukira ku New York. Bambo ake adali wosoka nsapato, ndipo atavulala pantchito, mnyamatayo adasiya maphunziro kuti asamale banja. Adalembedwa ukalaliki pakampani ya maloya, n'kumaphunzira zamalamulo pa New York Law School, mpaka mu 1911 pamene adaloledwa kuimirira anthu pamilandu.

Mu 1918 adakhala mmodzi wa oimira boma pamilandu ku Manhattan. Kumeneko adalimbana ndi timaofesi tachinyengo timene tinkalandira ndalama za anthu ponena kuti tiwagulira masheya, koma osagula kanthu. Adatseketsa timaofesi toposa 100. Ngakhale adatchuka ndi khama lake, atsogoleri a chipani cha Democratic mumzindawo adakana kumuimika pampando wa mkulu wozenga milandu, ndipo mu 1930 adachoka m'boma.

Nthawi imeneyo chuma cha America chidali chitalowa pansi. Msika wa masheya udagwa mu October 1929, ndipo pofika July 1932 mitengo ya masheya a makampani akuluakulu idali itatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Mabanki zikwizikwi adatseka zitseko ndi ndalama za anthu. Komiti ya Senate yoona za mabanki idayamba kufufuza mu 1932, koma maloya ake oyamba adabwerako chimanjamanja. Mu January 1933, wapampando wake, Peter Norbeck, adaitana Pecora.

Luso lake lidali kuwerenga. Asadafunse funso, iye ndi gulu lake ankayamba alowa m'mabuku a banki, m'makalata a akuluakulu ndiponso m'zolemba za misonkhano yawo, kotero kuti mboni ikafuna kuzemba ankaiyalira pamaso kalata ya banki yake yomwe.

Nsomba yaikulu yoyamba kukodwa idali Charles Mitchell, mkulu wa National City Bank, kholo la Citibank yamasiku ano. Zidadziwika kuti nthambi ya bankiyo yogulitsa masheya idagulitsa kwa anthu wamba zikalata za ngongole ya boma la Peru, pamene akadaulo ake omwe adali atalemba kale kuti dzikolo silinali lodalirika pobweza ngongole. Ogulawo sadauzidwe. Zidadziwikanso kuti msika utagwa, bankiyo idapatula madola 2.4 miliyoni okongoza akuluakulu ake, pamene makalaliki ake adapitiriza kudulidwa malipiro pa masheya amene adagula pamtengo wokwera. Mitchell adavomera kuti mu 1929 adagulitsa masheya kwa mkazi wake pamtengo wotsika kuti aoneke ngati waluza, asapereke msonkho. Pasadathe sabata, adatula pansi udindo.

Mu May 1933 idakwana nthawi ya J.P. Morgan Jr., mwini banki yoopedwa kwambiri ku Wall Street. Iye adavomera kuti mu 1931 ndi 1932 sadapereke msonkho wa ndalama zimene adapeza. Lamulo silidathyoledwe, komabe nkhaniyi idapweteka mtima anthu amene ankagona ndi njala. Pecora adatulutsanso mndandanda wa anthu otchuka amene bankiyo inkawagulitsa masheya pamtengo wotsika kuposa wa pamsika, ndipo pamndandandapo padali dzina la mtsogoleri wakale wa dzikolo, Calvin Coolidge. Naye Albert Wiggin wa Chase National Bank adapezeka kuti adapindula pafupifupi madola 4 miliyoni pa kugwa kwa masheya a banki imene ankaitsogolera.

Mkwiyo wa anthu udapatsa mphamvu Pulezidenti Franklin Roosevelt. Lamulo la Securities Act la 1933 lidakakamiza aliyense wogulitsa masheya atsopano kuulula zoona za kampani yake, ndipo wonama ankayenera kubweza zimene ogula ataya. Lamulo la Glass-Steagall lidalekanitsa mabanki osunga ndalama za anthu ndi malonda a masheya. Mu 1934 kudakhazikitsidwa bungwe la Securities and Exchange Commission, ndipo Pecora adali mmodzi wa makomishonala asanu oyamba. Upampando udapita kwa Joseph Kennedy, munthu amene adalemerera pamsika womwewo.

Pecora adakhalako miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mu January 1935 adakhala woweruza pakhothi la Supreme m'chigawo cha New York, ndipo adagamula milandu zaka 15. Mu 1939 adalemba buku la Wall Street Under Oath. Mu 1950 adapikisana pa umeya wa New York koma adagonja kwa Vincent Impellitteri.

Nkhani yake si yakutali kwa Amalawi. Kuchokera mu 1996 pamene NICO idakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya pa Malawi Stock Exchange, mphunzitsi wa paboma la Ntcheu kapena mlimi wa kachewere wa ku Tsangano angathe kuika thukuta lake m'kampani imene mabuku ake sadawaonepo. Chomutchinjiriza ndi lamulo la Securities Act la 2010 ndiponso Gavanala wa Reserve Bank, amene ndi mlondanso wa mabungwe a zachuma. Phata lake ndi lomwe lija Pecora adalimenyera: wogulitsa aulule zonse asanalandire ndalama ya wogula.

Pecora adamwalira ku New York pa 7 December 1971, ali ndi zaka 89.