Hao Wang

Hao Wang (20 Meyi 1921 – 13 Meyi 1995) anali katswiri wa masamu komanso wafilosofi wobadwira ku Jinan m'dziko la China. Amadziwika kwambiri chifukwa cha matailosi a Wang, amene masiku ano amathandiza asayansi kupanga tinthu ting'onoting'ono kwambiri pogwiritsa ntchito DNA.

Moyo wake

Wang anaphunzira masamu ku China, kenako anapita ku yunivesite ya Harvard ku America, komwe analandira digiri ya PhD mu 1948. Anaphunzitsa ku Harvard ndi ku Oxford, ndipo kuyambira mu 1967 ankagwira ntchito ku Rockefeller University. Anamwalirira ku New York.

Matailosi a Wang

Mu 1961, Wang anafotokoza za matailosi a mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse ili ndi mtundu wake. Matailosi awiri amagundana pokhapokha ngati mbali zokhudzanazo zili za mtundu umodzi, ndipo sawatembenuza. Iye ankaganiza kuti matailosi alionse otha kudzaza malo opanda malire angathenso kuwadzaza mwa dongosolo lobwerezabwereza. Mu 1966, wophunzira wake Robert Berger anasonyeza kuti si choncho, pogwiritsa ntchito gulu la matailosi 20,426.

Mu 1998, Wang atamwalira kale, Erik Winfree wa ku Caltech anatengera lingaliroli ku DNA. Tizidutswa ta DNA timakhala ngati matailosi: nsonga zake zimamatirana pokhapokha zikagwirizana. Choncho tizidutswato timadzisanja tokha, ndipo masamu amathandiza kudziwiratu maonekedwe a chinthu chimene chidzapangike.