Olive Schreiner ndi Msilikali Wokonda Amake

AMBIRI olankhula Chicheŵa ku Kwekwe, ku Shurugwi ndi ku Gweru m'Zimbabwe ali ana ndi adzukulu a amuna amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi. Matauni ameneŵa anayambika m'ma 1890, pamene British South Africa Company ya Cecil Rhodes inalanda dzikolo ikumafunafuna golidi. Mu 1896 Andebele ndi Ashona anaukira kampaniyo, koma anagonjetsedwa mwankhanza. Kodi asilikali amene anatentha midzi ndi nkhokwe panthaŵiyo anali anthu otani? Mkazi wina wa ku South Africa anapereka yankho limene linakwiyitsa ambiri.

Olive Schreiner anabadwa pa March 24, 1855, pamishoni ya Wittebergen ku Cape, kumene atate wake Achijeremani anali mmishonale. Imfa ya mng'ono wake wakhanda inamchititsa kusiya chipembedzo cha makolo ake adakali wamng'ono. Iye anaphunzitsa ana m'mafamu, napita ku England mu 1881, ndipo mu 1883 anatchuka ndi buku lakuti The Story of an African Farm, limene anafalitsa ndi dzina lachimuna lakuti Ralph Iron.

Atabwerera kwawo, poyamba anachita chidwi kwambiri ndi Rhodes. Komabe, pamene Rhodes anachirikiza lamulo lolinganizidwa lolola kukwapula antchito mu 1890, chidaliro chake chinayamba kutha. Mu 1897 anatulutsa buku lakuti Trooper Peter Halket of Mashonaland. Kuchiyambi kwake kunali chithunzithunzi chenicheni cha amuna atatu Achiafirika opachikidwa pamtengo ku Bulawayo, azungu ataimirira pambali.

Kodi Peter Halket Anali Yani?

Kukanakhala kosavuta kulemba za msilikali wonga chilombo, koma Schreiner sanatero. Peter ali mnyamata wamba, mwana wa mkazi wosauka wochapa zovala ku England. Atasochera, agona yekha paphiri pambali pa moto, akumalingalira za kuyambitsa kampani ya golidi kuti alemere ndi kupumuza amake. Iye amawakondadi amakewo. Ndiyeno pafika mlendo wa ku Palestine wokhala ndi zipsera, amene woŵerenga amzindikira kukhala Yesu. Peter amsimbira mokondwera za akazi Achiafirika amene anali kuwasunga monga katundu wake, ndi za anthu opachikidwa, popanda kuwona cholakwa chilichonse.

Apa mpamene pali mphamvu ya bukulo. M'nthano ya Robert Louis Stevenson ya 1886, Dr. Jekyll anafunikira kumwa mankhwala kuti asanduke Mr. Hyde woipayo. Peter sakusanduka konse. Chikondi cha pa amake ndi nkhanza ya pa amayi a anthu ena zikukhalira pamodzi mumtima umodzimodziwo, ndipo mwiniwakeyo sakudziŵa, pakuti mabwenzi ake onse akuchita zofananazo. (Yerekezerani ndi Yeremiya 17:9.) Zowonadi, mbali zina za bukulo zimamveka ngati ulaliki wautali kuposa nthano, koma makambitsirano a pamotowo ngovuta kuwaiŵala. Pomalizira pake Peter amasula mkaidi Wachiafirika womangidwa kumtengo, ndipo mkulu wa asilikali ake amuwombera.

Bukulo linamtayitsa mabwenzi ambiri Schreiner, ndipo linakulitsa kusamvana m'banja, popeza kuti amake enieni anali kumbali ya Rhodes. Koma linakhudza mtima wansembe wina wa Anglican ku England, Arthur Shearly Cripps, amene anafika ku Mashonaland mu 1901 natsutsa kulanda malo ndi chibalo, ntchito yokakamiza imene ogwira ntchito m'migodi anaidziŵa bwino lomwe.

Schreiner anamwalira ku Cape Town mu December 1920. Chaka chotsatira mwamuna wake, Samuel Cronwright, anasamutsira mtembo wake pamwamba pa phiri la Buffelskop pafupi ndi Cradock, pamodzi ndi wa mwana wawo wamkazi amene anakhala ndi moyo maola oŵerengeka chabe mu 1895.