Hugh Tracey, Mzungu Wosunga Nyimbo za Makolo Athu

Ambiri mwa ife ana a kuno kuchigwa cha Shire tidziwa maina a oimba a maiko akutali, koma ndi owerengeka amene anamvapo za munthu amene anatenga mawu a agogo athu ndi kuwasunga kuti asatayike. Munthuyo dzina lake ndi Hugh Tracey.

Bambo Tracey anabadwa pa 29 Januwale 1903 m'mudzi wa Willand ku Devon, m'dziko la England. M'chaka cha 1921 anawoloka nyanja nafika ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi Zimbabwe, kudzathandiza mkulu wake Leonard kulima fodya. Pogwira ntchito m'munda pamodzi ndi Akaranga anaphunzira chinenero chawo, ndipo nyimbo zimene anali kuimba polima zinamkoka mtima. Azungu ambiri a masiku amenewo anali kuyesa nyimbo zathu phokoso chabe, ndipo ena anali kuziletsa. Iye sanatero ayi. Anaona kuti m'nyimbozo muli nzeru, ndi kuti zikapanda kusungidwa zidzapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

M'chaka cha 1929 anatenga anyamata Achikaranga napita nawo ku Johannesburg, kumene kampani ya Columbia inajambula nyimbo zawo pa mbale za galamafoni. Pambuyo pake anagwira ntchito ya wayilesi ku Durban kufikira 1947. Atasiya ntchitoyo anayamba maulendo aatali a pagalimoto m'maiko a pakati, kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. M'chaka cha 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg.

Kuno ku Nyasaland anabwera kangapo, ndipo m'chaka cha 1958 anatsikira kuchigwa chathu chino, m'boma la Port Herald limene lero titi Nsanje. Kumeneko anajambula nyimbo za Amang'anja, pamodzi ndi ng'oma za likhuba zimene amaziika phula kuti iliyonse ilire mawu akeake. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere: popeza kumidzi kunalibe magetsi, anali kuyenda ndi injini yake, ndipo anali kuiimika patali kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo. Iye mwini anali kugwira maikolofoni m'manja, nayandikira pang'oma iyi, kenaka kwa wotsogolera nyimbo, kenaka kwa amayi ovomera. Atatha anali kuwaseweretsa makinawo kuti oimba adzimve okha. Taganizani kudabwa kwa nkhalamba yomva mawu ake akutuluka m'bokosi! Analembanso pamakadi dzina la nyimbo, la woimba, la malo ndi la choimbira.

Mwa nyimbo zimene anasonkhanitsa anatulutsa mbale zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa. Anamwalira pa 23 Okutobala 1977 ku South Africa. Chaka chotsatira mwana wake Andrew anasamutsira nyumba ya nyimbo ija ku Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown umene tsopano utchedwa Makhanda.

Tsono funso limene litivuta ndi ili: kodi mawu aja ndi a yani? Malamulo a umwini wa zopekapeka amasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi nyimbo yeniyeniyo, ndiye kuti mawu ake ndi kaimbidwe kake. Chachiwiri ndi mbale kapena tepi imene nyimboyo inajambulidwapo. Nyimbo ndi ya woipeka, koma mbale ndi ya amene anakonza zoijambula. Kotero ngakhale woimba anali wa kwa Tengani, mbale inali ya wojambula wokhala ku South Africa.

Koma umwini wa mbale suli wamuyaya. Lamulo la ku South Africa la 1978 liti umatha pakapita zaka 50 kuchokera kumapeto kwa chaka chimene mbaleyo inatulutsidwa. Mwachitsanzo, mbale yotulutsidwa mu 1960 inamasuka pa 1 Januwale 2011, ndipo kuyambira tsikulo wojambula alibenso mphamvu yoletsa ena kuichulukitsa m'dzikomo. Maiko ena ali ndi zaka zawo. Ku Britain anazionjezera mu 2013 kuchoka pa 50 kufika pa 70. Ku United States lamulo la 2018 linamasula pa 1 Januwale 2022 mbale zonse zotulutsidwa chisanafike chaka cha 1923, koma zojambulidwa kuyambira 1957 kufikira kuchiyambi kwa 1972 linazimanga mpaka 2067. Motero mbale imodzimodzi ikhoza kukhala mfulu m'dziko lina ndi yomangika m'dziko linzake.

Nanga nyimbo yeniyeniyo? Kuno kwathu lamulo la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza nyimbo moyo wonse wa woipeka ndi zaka zina 50 atamwalira. Koma likhuba, utse ndi nyimbo za pamtondo zilibe munthu mmodzi amene tinganene kuti ndiye anazipeka. Zotere lamulo linaziika m'manja mwa Boma kwamuyaya, kuti lizisungire anthu onse a m'Malawi. Chifukwa chake wofuna kuchita nazo malonda asanyengedwe ndi ukalamba wa mbale. Ayambe wafunsa ku bungwe la COSOMA, limene liyang'anira zimenezi.

Sitibisa kuti Bambo Tracey anali munthu wa nthawi ya atsamunda. Mbale zake zinapita m'masukulu aakulu a ku Ulaya ndi ku America, pamene ambiri mwa oimbawo analibe ngakhale galamafoni yoti amverepo. Mawu anapita kutali, eni ake natsala pakhomo. Komabe akanapanda iye, lero tikanamva kuti ng'oma za 1958? Zina mwa nyimbozo kampani ya SWP Records ya ku Netherlands inazitulutsanso pa CD yotchedwa Southern and Central Malawi.

Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Awa agonera zaka zoposa 60. Koma lamulo likamasula mbale silinyamula mbaleyo kubwera nayo ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Imeneyo ndi ntchito yathu. Tiyeni anzanga tizifunefune nyimbozi, ndipo pa tchuthi tikaziseweretse pamaso pa agogo. Kapena wina mwa iwo adzazindikira mawu a atate ake, natiuza zimene kadi la mlendo silinathe kulemba.

Wophunzira wa Fomu 3