Samuel Ntara, mphunzitsi amene analola Nthondo kukhala wakuba

Teremu yathayi, ife a kalasi ya kaphunzitsidwe ka Chichewa tinapatsidwa ntchito yolemba nthano zazifupi zoti tikawerengere ana a Sukulu ya Sabata ku Dzaleka. Tinalemba ndi mtima wonse. M'nthano iliyonse munali mwana womvera, wosamba m'mamawa, wopemphera asanadye, amene pomaliza ankalandira mphoto. Titafika kumsasako Sabata masana, ana anatimvetsera mwaulemu kwa mphindi zochepa, kenako ena anayamba kusewera ndi timiyala, ena n'kumanong'onezana m'Chiswahili. Kamtsikana kena kokha ndi kamene kanafunsa ngati mwana wa m'nthanoyo sankalakwako n'kamodzi komwe. Tinasowa choyankha. Pobwerera, aphunzitsi athu anatiuza kuti tikafufuze za munthu wina amene anayenda m'mapiri omwewa a Dowa kalekale, ali ndi kope ndi pensulo. Dzina lake ndi Samuel Josia Ntara, ndipo m'mabuku ena mupeza atalemba kuti Nthara.

A Ntara anabadwa m'chaka cha 1905 m'chigawo chapakati, nthawi imene sukulu zambiri za kuno zinali m'manja mwa mishoni ya Dutch Reformed Church. Mishoniyi inayambira ku Mvera, m'boma la Dowa, mu 1889, ndipo inatsegula Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896. Mwana wa nthawi imeneyo akadziwa kuwerenga, choti awerenge chinali chochepa: mabuku ophunzirira zilembo, katekisimu, nyimbo, ndi zigawo za Malemba. Buku Lopatulika lathunthu, lomwe ifenso timatsegula Sabata lililonse, linatuluka mu 1922, a Ntara ali mnyamata wa zaka 17, ndipo ntchito yaikulu yolimasulira inachitikira ku Mvera komweko motsogozedwa ndi William Murray. Choncho Chinyanja cholembedwa chimene iwo anakula nacho chinali cha m'Baibulo ndi cha m'kalasi. Chinyanja cha pabwalo, cha pamaliro, cha agogo usiku pamoto, chinali chidakali m'kamwa mwa anthu.

Anaphunzira uphunzitsi ku Nkhoma ndipo anagwira ntchitoyi zaka zambiri. Panalibe sukulu yophunzitsa kulemba mabuku. Sukulu yawo inali kalasi imene ankaphunzitsamo. Aliyense wa ife amene anapitako kukayeserera kuphunzitsa akudziwa mmene nkhope za ana zimakuuzira kuti wawataya: maso amapita pawindo, mapazi amayamba kusesa pansi. Munthu amene waima pamaso pa nkhope zotere chaka ndi chaka amaphunzira kufupikitsa chiganizo, kuika chochitika patsogolo, ndi kusiya mawu amene mwana sangawagwire.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa ndi Aafirika m'zilankhulo zawo. A Ntara, asanakwanitse zaka 30, anatumiza nkhani yawo yotchedwa Nthondo, ndipo inapambana m'gawo la mbiri ya moyo wa munthu. Chosangalatsa n'chakuti Nthondoyo anali munthu wopeka. Koma anamuumba bwino kwambiri moti owerenga ankamuona ngati wa m'mudzi mwawo. Bukuli linasindikizidwa ku Nkhoma mu 1933.

Apa ndi pamene tinachita manyazi ndi nthano zathu zija. Nthondo si mwana wabwino. Bambo ake amwalira iye ali wamng'ono, ndipo akukula wosamva, wakuba, wovutitsa amayi ake ndi mudzi wonse. Atakula apita kum'mwera kukafuna ntchito monga ankachitira anyamata ambiri a nthawiyo, abwerera kwawo, alongedwa ufumu, ndipo kumapeto kwa moyo wake atembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Wolembayo anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo cholinga chake chinali chachikhristu, zosachita kufunsa. Komabe sanathamangire ku guwa. Anayamba waonetsa mudzi wa Achewa monga unalili: kubadwa kwa mwana ndi miyambo yake, milandu ya pabwalo, mantha a ufiti, maliro, njala, nthabwala za anyamata kubusa. Mwana wowerenga ankadziona yekha, kapena ankaona mnzake uja amene anaba nkhuku ya eni. Pofika pa kutembenuka kwa Nthondo, wowerenga amakhala atayenda naye ulendo wonse, ndipo amadziwa kulemera kwa katundu amene akutula.

Sitikunena kuti bukuli lilibe chilema. Enafe tikuona kuti mathero ake anabwera mofulumira, ngati kuti wolemba anakumbukira mwadzidzidzi kuti akuluakulu a mishoni adzawerenganso. Tinatsutsana za zimenezi m'kalasi mpaka belu linalira, osagwirizana chimodzi. Koma palibe amene ananena kuti anagona akuwerenga.

Mbiri ya bukuli inafika kutali. T. Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland amene anatumikira ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi, ndipo linatuluka ku London mu 1934 ndi dzina loti Man of Africa. Mawu oyamba analemba ndi Julian Huxley, wasayansi amene pambuyo pake anakhala mkulu woyamba wa UNESCO. Huxley anali mdzukulu wa Thomas Huxley, uja ankateteza chiphunzitso cha Darwin, ndipo iye mwini sanali munthu wa tchalitchi. Kuti munthu wotero ayamikire nkhani ya kutembenuka mtima yolembedwa ndi mphunzitsi wa ku Nkhoma, ndiye kuti anapezamo anthu enieni.

Mphoto ija sinawachititse kukhala pansi. Anayamba kuyenda m'midzi kufunsa akuluakulu, n'kumalemba zimene ankamva. M'menemo munatuluka Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, buku lofotokoza za Kalonga, za a Phiri ndi a Banda, ndi za mafumu a m'chigawo chino. Linamasuliridwa m'Chingerezi ndi W. S. Kamphandira Jere ndipo linasindikizidwa ku Germany mu 1973. Akatswiri a mbiri amatsutsana nalo pena ndi pena, koma salilambalala.

Kwa ife oyenda njira ya ku Dowa, buku lotikhudza kwambiri ndi Msyamboza. Ameneyu sanali wopeka. Anali mfumu ya ku Chibanzi, m'boma la Dowa, kufupi ndi Kongwe, munthu amene anaona nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga, kenako n'kuona kubwera kwa amishonale ndi boma la atsamunda. Ankakonda kuyesa zatsopano, monga ulimi wothirira ndi kudzala tirigu, ndipo analandira sukulu ndi Chikhristu m'mudzi mwake. A Ntara anatola nkhaniyi kwa anthu amene anamudziwa mfumuyo. Young anamasuliranso bukuli mu 1949 n'kulitcha Headman's Enterprise. M'chaka chomwecho munatulukanso Nchowa, nkhani ya moyo wa mkazi. Pambuyo pake analemba mbiri ya mbusa Namon Katengeza, komanso buku la mawu okuluwika a m'Chinyanja, lomwe likuonetsa kuti khutu lawo linali pa malankhulidwe a anthu mpaka ukalamba.

Tinene zoona, a Ntara sanali wolemba mabuku a tiana tating'ono okhala ndi zithunzi, ngati aja a Uncle Arthur amene ambirife tinawerengeredwa kunyumba. Ankalembera aliyense wodziwa kuwerenga. Koma m'masiku awo odziwa kuwerenga ambiri anali ana a sukulu ndi achinyamata, ndipo m'sukulu ndi mmene mabuku awo anakhazikika. Agogo athu ena amakumbukirabe Nthondo ngati mnzawo wa m'kalasi. Mlembiyu anamwalira m'zaka za m'ma 1970, ataona Chichewa chikukwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968.

Dzaleka ya lero iwo sanaione. Malowa anakhala msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo tsopano kuli anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ana obadwira kumeneko amasakaniza Chiswahili, Chirundi, Chifalansa ndi Chichewa pa mpira umodzi, ndipo mabuku onena za moyo wawo ndi osowa ngati mmene analili a Chinyanja mu 1930.

Sabata lapitali tinabwererako opanda nthano yolembalemba. Tinatenga makope, n'kupempha ana kuti atiuze za tsiku limene analakwapo kwambiri. Mnyamata wina anafotokoza mmene anagulitsira chigubu cha madzi cha amayi ake kuti akaonere mpira pa kanema, ndi mmene anagonera kwa mnzake masiku awiri poopa kubwerera kunyumba. Anzake ankamukonza akadumpha mbali ina. Tinalemba masamba asanu ndi limodzi, dzuwa n'kutilowera asanafike pamene amayi akewo anamupeza. Tinapangana kuti adzamalize ulendo wamawa.